Anathira Mchere Ndani?

"Lonia, uwafunse akamwiniwo. Uwafunse bwinobwino kuti ku Chipata anagona pati."

Amayi anayankhula atafulatira, maso ali kukhoma la khitchini, manja akuswa nsawa mwaukali ngati nsawazo ndi zimene zalakwa. Alamu anga a Bonifasi Mbewe anali atanjuta kuseri kwa nkhokwe, chipewa chili m'manja, pafupi moti mawu onse ankawamva okha. Koma kwathu kuno ku Pembamoyo mpongozi ndi mkamwini sayang'anana kumaso, sadyerana pamaso, ndiye nkhani yonse inkadzera mwa ine, mwana woyamba wa pakhomopo.

"Alamu, akuti munagona pati?"

"Ndamva, alamu. Muwauze amayi kuti ndinagona pabenchi, pa siteshoni. Basi ya ku Lusaka inafika mochedwa, maminibasi obwera kuno ku Chadiza anali atatha."

"Akuti pabenchi, amayi."

"Pabenchi! Ku Chipata konse kuja kwatsala mabenchi okhaokha? Akazi a m'tauni anasamuka liti?"

Apo mng'ono wanga Veronika anatuluka m'nyumba, chitenje chili chokwinyika, maso atatupa. Chibwerere ku Lusaka anali asanasekepo.

"Amayi, mwayamba kodi? Amuna anga alakwa chiyani?"

"Iwe khala chete, ndikumenyera nkhondo iwe wemwe. Wekha unandiuza kuti tidzukulu tanga tinali kukula bwino m'mbale ya madokotala. Akamwini akwera basi, agona ku Chipata, kukucha madokotala akukuimbira foni kuti tasiya kukula. Ukufuna ndani akuwerengere zimenezi? Galu wamkota sakandira pachabe. Ana aja anadulidwa."

Mwina ndifotokoze, poti si onse anakulira kwathu. Mwamuna akayenda njira mkazi wake ali ndi pakati, akuluakulu amati wadula mwana. Munthu woteroyo amamutcha wotentha, ndipo ngakhale mchere umene wathira iye m'chakudya, amati wodyayo atupa, chifuwa chimugwira. Amayi athu a Lefina ali m'gulu la Legio ku tchalitchi, korona sachoka m'khosi, Misa saphonya. Koma za mdulo musawayambe, ankazisunga mumtima pambali pa korona yemweyo.

Veronika ndi a Bonifasi anakhala zaka zambiri popanda mwana. Ine ndiye mwamuna akangondiyang'ana, mimba, moti ana anga ndimachita kuwasokoneza mayina. Mng'ono wangayo anayenda kwa asing'anga, anamwa mizu yowawa, anapita kuchipatala ku boma ndi ku Chipata, mpaka alamu anagulitsa ng'ombe zawo zapangolo n'kupita naye ku Lusaka. Kumeneko madokotala anatenga mazira a Veronika ndi mbewu ya alamu n'kuziphatikiza m'kambale. Munatuluka timiluza, ndiye kuti tiana tongoyamba kumene, tosaoneka ndi maso. Amatilera kaye m'madzi ena ake kwa masiku angapo, tikalimba n'kutibwezera m'mimba mwa mayi. Ta Veronika sitinafike pobwezeredwa. Tinaleka kukula tili m'kambale momwemo, alamu atangonyamuka kubwerera kumudzi kudzakonzetsa chigayo chawo chimene chinafa iwo kulibe.

"Amayi, inetu pakati ndinalibe," anatero Veronika. "Adula bwanji mwana amene sanalowe n'komwe m'mimba?"

"Pakati panali m'mbalemo! Mwana ndi mwana, kaya ali m'mimba kaya ali m'mbale. Bambo wake akatentha, amamva."

"Nkhuku yanu yoyera ija inafungatira mazira mwezi watha, ena anasukusa. Tambala munamuzenga mlandu?"

Ine ndinaseka, sindibisa. Amayi anandiponyera khoko la nsawa.

"Ukuseka chiyani, chitsiru cha munthu wamkulu? Uwauze akamwiniwo kuti ndatuma mawu kwa atsibweni ako a Ezekiel. Akamaliza kupopera thonje lawo abwera, ankhoswe a ku Zemba abwerenso. Akamwini akaulula, atchula mkaziyo, tifuna mankhwala, timwa tonse, nkhani itha. Munthu amalakwa. Koma akakana, njira ya kwawo ku Zemba akuidziwa. Mkamwini ndi tambala wobwereka."

Sindinabwereze mawu amenewo. Kuseri kwa nkhokwe tinamva alamu akudzuka, mawondo akulira, n'kutsetsereka kunka kuchigayo.

Pamudzi nkhani siyenda ndi miyendo. Sabata isanathe, ku mjigo, kumphakati, ngakhale pamzere wa sikelo ya ana, aliyense anali dokotala. Ena ankati, "Mkamwini wa a Lefina wadula ana asanabadwe." Ena ankati, "Aaa, musamunamizire munthu, Veronikayo ndi chumba kuyambira kale, ngakhale makina amulephera." Anthu ake omwe aja amene ankagayitsa ulere kwa alamu chaka cha njala. Zinkandinyansa kwabasi. Mayi wina ndinamufunsa ku mjigo ngati analiko ku Chipata atanyamula nyali, ndipo mpaka lero sandipatsa moni.

Tsiku lina masana ndinasenza chimanga kupita kuchigayo. Ndinapeza alamu ali okha, injini atazimitsa, nsidze zili mbuu ndi ufa.

"Alamu," ndinatero, "mwaonda ngati mwagona pabenchi mwezi wonse."

Anaseka pang'ono. Munthu ameneyu kumunena sakwiya. Ndi amene anafolera nyumba ya amayi ndi malata, ndipo tsiku limene amayi anagwa ndi malungo anawapalasa pa njinga mpaka kuchipatala, iwo atadziphimba chitenje kumutu kuti asaone msana wa mkamwini.

"Alamu a Lonia, tandiuzani. Pa mjigo akuti chiyani za Veronika?"

"Za pa mjigo n'zomvera? Kandimverere anakanena za m'maluwa."

"Ayi, ndamva. Akuti chumba." Anapukuta manja pa ovolosi. "Ine ndaganiza. Atsibweni akabwera ndivomera."

"Muvomera chiyani?"

"Kuti ndinalakwa ku Chipata."

Dengu linatsala pang'ono kundipulumuka. "Ndiye kuti n'zoona?"

"Zoona zake ziti, alamu? Ndinagona nditakumbatira chikwama, udzudzu ukundidya, ndikuwerengera tiana tija mayina. Koma taonani. Ndikakana, andithamangitsa, Veronika atsala yekha ndi dzina la chumba. Ndikavomera, wolakwa ndine, iye ayera, ndipo ndikhala pompano. Ine akandiseka palibe kanthu, ufa umandibisa nkhope. Koma chonde musamuuze."

Anasankha munthu wolakwika womuuza chinsinsi. Pakamwa panga palibe chitseko, mudzi wonse ukudziwa. Ufa ndisanautule n'komwe ndinali nditamuuza kale Veronika, amene ankapalira nyemba kuseri kwa nyumba yawo. Anaponya khasu, n'kuyenda liwiro losathamanga kunka kuchigayo, ine pambuyo.

"A Mbewe!"

"Mayi."

"Musanditi mayi, mwana wake uti? Ndamva kuti muli ndi mkazi ku Chipata."

Alamu anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kudenga.

"Veronika, tamvera kaye. Ndi mawu chabe. Ndinena, amwa mankhwala awo, zitha."

"Zitha kwa ndani? Inu mukuganiza kuti ndidzayenda bwanji pamudzi pano, anthu akuti uyo mwamuna wake anamuphera ana chifukwa cha hule? Mukuti mukundichotsera dzina, chonsecho mukundipatsa lina. Ndipo tiana tija? Tinatiyembekezera tonse awiri, munkandigwira dzanja pobaya jakisoni mpaka namwino anakusekani. Lero mukufuna kunena pagulu kuti munatipha ndinu?"

"Nanga ndipite ku Zemba?"

"Mukapita ku Zemba ndinyamula mphasa ndikutsatani. Koma mukavomera bodza, wokuthamangitsani ndikhala ine, osati amayi. Mwamva?"

Anamupukuta ufa pansidze ndi nsonga ya chitenje, uku akumukalipira, misozi ili mbwembwembwe. Alamu anangoti, "Ndamva," koma ine ndinaona kuti mtima wawo sunasinthe. Anthu ofatsa ndiwo makani.

Nzeru yoimba foni inachokera kwa ine, ndipo ndimanyadira. Ndinati mutu umodzi susenza denga, timufunse mwini wake amene ankalera timiluzato. Veronika anali ndi nambala ya mayi wina wa mu labu ya chipatalacho, dzina lake a Michelle, amene ankawalimbitsa mtima nthawi yonse ija. Amayi anayamba akana, amvekere, "Ine ndikayankhule ndi mwana wa sukulu za mdulo?" Koma Lamulungu titaweruka ku tchalitchi anavala nsapato okha n'kutsogola kunka pachulu cha kudimba, poti kwathu foni imagwira pamenepo pokha.

Veronika anaimba, anafotokoza, n'kukweza mawu a foni kuti timve tonse.

"Muli bwanji, amayi?" anatero a Michelle, ndi Chinyanja chawo chopepuka cha ku Lusaka. "Pepani kwambiri ndi zimene zinachitika. Inenso zinandiwawa."

"Ndili bwino, mwanawe. Ndinu amene munkasunga adzukulu anga?"

"Ndine, amayi."

"Munkawasunga potani? Pamphepo?"

"Ayi, m'kabati yofunda ngati thupi la munthu, yamdima, mpweya wake woyeza. Timatsegula mwa apo ndi apo, chifukwa tikazizidwa pang'ono timamva."

Amayi anagwedeza mutu. Zimenezo anazivomereza, chikuta amachidziwa.

"Nanga ankadya chiyani? Paja m'mbale mulibe mchombo."

"Amadya madzi amene timawaikamo. Si madzi wamba ayi. Amawapanga kuti afanane ndi a m'thupi la mayi, m'njira imene dzira limadutsa. Muli tishuga, muli zakudya zomanga thupi, muli mchere..."

"Mchere!"

Amayi analanda foni m'manja mwa Veronika. Ine ndinadziwa kuti zafika pake.

"Mwati mchere? Anathira ndani mcherewo? Ndinu? Muli pabanja inu? Tsiku limenelo munali bwanji, munali kumwezi? Kapena anathira mnyamata wina wongoyendayenda? Mwana wanga, mchere sathira munthu aliyense!"

Veronika anabisa nkhope m'manja. A Michelle anayankha mwaulemu, osaseka n'komwe. Ayenera kuti nawonso ali ndi agogo kumudzi.

"Ndamva chimene mukufunsa, amayi. Ife sitithira. Madziwo amabwera m'mabotolo omata kuchokera kunja, osakaniza kale. Amayeza ndi kuthira ndi makina."

"Makina?"

"Makina, amayi."

Amayi analingalira. "Makina ndi ozizira," anatero pansipansi. "Makina sayenda njira." Kenako anakwezanso mawu. "Ndiye chinawapha n'chiyani, ngati si mchere?"

"Ndinganame nditati ndikudziwa. Kamluza n'kosankha zakudya. Masiku oyamba sikafuna shuga wambiri, kakamakula ndi pamene kamamufuna. Ndiye pali madzi ena amene timalereramo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kazisankha kokha chimene kakufuna, palinso ena amene timasintha pakati, ngati kuchotsa mwana ku phala lamadzi kumupatsa lolimba. Timiluza ta anthu ena timakondwa m'madzi awa, ta ena m'madzi awo. Komanso tambiri timaleka tokha chifukwa cha mmene tinapangikira, ngakhale zonse zili bwino. Zimachitikanso m'mimba, kungoti mayi sadziwa, amangoona mwezi wachedwa pang'ono. Akadzabweranso tidzayesa madzi a mtundu winawo. Koma sindikulonjeza, amayi."

"Nanga bambo wake akagona ku Chipata?"

"A Mbewe? Amayi, tsiku limene anabwera kudzatsanzika kuti akukakonza chigayo, ndinali nditationa kale m'mawa kuti tayamba kuzengereza. Sindinawauze, chifukwa nthawi zina timatsitsimuka, ndiye ndinati ndidikire kaye. Basi anali asanakwere n'komwe."

Amayi anabweza foni osatsanzika. Anatsika pachulu pang'onopang'ono, n'kukhala pansi m'mphepete mwa mzere wa mpiru. Veronika anathokoza a Michelle, anadula, n'kupita kukakhala pambali pawo.

"Mwamva nokha, amayi."

"Ndamva."

"Ndiye mutume mawu kwa atsibweni kuti asavutike."

Amayi anazula kaudzu, anakayang'ana, anakataya. "Ndiye anthu ndiwauze chiyani?"

"Muwauze zoona."

"Zoona zake zoti palibe wolakwa? Iwe unaonapo pamudzi pano chinthu chikufa popanda wolakwa? Akapanda kulakwa akamwini, anena kuti ndiwe. Ndakhala ndikuwamva zaka zonsezi, mwana wanga. Ku chinamwali amandikhazika kumbuyo, amati mayi wa chumba alangiza chiyani. Ine zanga ndapirira. Koma iwe ndikafa udzatsala nawo wekha. Mwamuna manyazi amasamba ndi sopo, mawa ayiwala. Mkazi akamutcha chumba amalowa nalo m'manda dzinalo."

"Ndiye muphe munthu wosalakwa kuti ine ndiyere?" anafunsa Veronika.

"Sakufa. Angovomera."

Apo ine ndinapsa mtima. Ndinati, "Amayi, malata amene mumagonamo anakhoma ndani? Mwana wa mnzako ngwako yemwe, mumatiuza ndinu. Kapena mwambiwo umathera pa ana a m'mimba mwanu?"

"Lonia, pakamwa pako padzakupweteketsa."

Anadzuka, anakung'untha chitenje, n'kumapita osacheuka. Mawu kwa atsibweni sanatume. Masiku otsatirawo ankangokhala duu pakhonde, korona m'manja, koma milomo yosayenda.

Atsibweni a Ezekiel, mlongo wawo wa amayi, mwini mbumba yathu, anafika Loweruka pa njinga, atavala jekete ngakhale dzuwa linali likuswa mtengo. A Filimoni, akulu awo a alamu, anachokera ku Zemba monga ankhoswe. Tinayala mphasa pansi pa mango. Anthu amene sanaitanidwe anabweranso, wina akuti wadzabwereka sefa, wina akuti akufuna nkhuku yake, onse n'kukhala pansi osachokanso. Amayi anakhala m'khitchini atafulatira monga mwa masiku onse, akukazingira alendo nsawa m'chiwaya.

Atsibweni si munthu woipa, kungoti amakonda kumva mawu awo omwe. Anayamba ndi kale lawo, anadzera ku mitengo ya feteleza, n'kufika pa nkhani.

"Akamwini, ife sitinabwere kudzakudyani. Pakhomo pano mwakhala bwino, aliyense akudziwa. Koma mlandu suola. Mlongo wanga akuti ana anadulidwa. Muulule, timwe mankhwala, tizipita dzuwa likadalipo. Mukakana, a Filimoni ali pano, mubwerera nawo."

Alamu anayang'ana Veronika. Veronika anawayang'anitsitsa osaphethira, akupukusa mutu. Iwo anagwetsa nkhope.

"Atsibweni, ndinalakwa."

Pamphasa panamveka "Hmmm." Mayi wa sefa uja anagunda mnzake ndi chigongono. A Filimoni anavula chipewa n'kuyang'ana m'bale wawo ngati sakumudziwa. M'khitchini chipande chinasiya kukanda chiwaya.

"Mwachita bwino," anatero atsibweni. "Mkaziyo dzina lake ndani? Paja mankhwala sagwira popanda dzina."

"Dzina lake..." Alamu anameza malovu. "Sindinafunse."

"Nanga ngwotani? Wamtali, wamfupi?"

"Ndi... wapakati."

"Woyera, wakuda?"

"Kunali mdima, atsibweni."

Munthu wosadziwa kunama ndi womvetsa chisoni, abale. Thukuta linkayenda, likusiya mizere pa ufa wa m'khosi. Ndinafuna kuseka, ndinafunanso kulira.

Veronika anadzuka. Pamaso pa atsibweni mkazi sayankhula ataimirira, koma tsiku limenelo anaima.

"A Mbewe, ndinakuuzani chiyani kuchigayo? Atsibweni, munthuyu akunama. Akufuna kundichotsera dzina la chumba. Ine ndikuti litchuleni dzinalo, nonse amene mwabwera kudzabwereka sefa, litchuleni ndilimve! Ndilisenza ndekha. Koma mwamuna wanga asasenze chimene sanachite."

"Veronika, khala pansi," anatero atsibweni. "Munthu wavomera yekha, madzi akatayika saoleka."

"Aoleka lero."

Sanali Veronika. Tonse tinacheuka. Amayi anali atatuluka m'khitchini, chiwaya cha nsawa kudzanja ili, kambale ka mchere wosungunula kudzanja linalo. Sanadzere kuseri kwa nkhokwe. Sanadziphimbe kumutu. Anadutsa pakati pa mphasa, n'kudzagwada pamaso penipeni pa mkamwini wawo. Amayi ena anagwira pakamwa. Alamu anafuna kuthawa, anasowa kolowera, anangotembenuzira nkhope kumbali ngati mwana woopa jakisoni.

"Akamwini, ndiyang'aneni."

"Amayi, n'zosayenera."

"Zosayenera ndachita kale ine. Ndiyang'aneni."

Anawayang'ana. Kuyambira tsiku la ukwati, aka kanali koyamba.

"Ha, kodi muli ndi imvi?" anatero amayi. "Mwakalambira pakhomo panga ine osadziwa. Tengani mcherewu. Thirani mu nsawazi."

"Mlongo, ukuchita chiyani?" anafuula atsibweni. "Munthu wangovomera kumene kuti ngwotentha! Ukufuna kufa?"

"Achimwene, khalani pansi. Thirani, akamwini."

Alamu anatenga kambale kaja n'kuwaza mchere m'chiwaya. Chiwaya chinalira kuti tswee. Amayi anatakasa ndi chala, anatapa nsawa zodzaza dzanja, n'kuponya m'kamwa pamaso pa mkamwini, pamaso pa mudzi wonse. Mano awo atsala ochepa, ndiye anatafuna nthawi yaitali, ife tonse tili chete kumvetsera. Atameza anatapanso zina.

Musaiwale kuti amayi za mdulo amazikhulupirira mpaka lero. Sanadye poti asiya kuopa. Anadya poti ankadziwa dzanja limene lathira.

"Mwaona nonse," anatero. "Ine ndi nkhalamba ya chifuwa kale. Ngati munthuyu ngwotentha, mawa mundipeza nditatupa, ndiye mumuthamangitse. Koma ndikadzuka, aliyense amange pakamwa pake. Mlanduwu ndinauyambitsa ndine, ndipo ndikudziwa kuti tiana tija tinafooka iye asanakwere basi. Ndinamva ndi makutu anga, koma ndinakhala chete kuti mwana wanga ayere. Ndimati ndikuteteza mwana mmodzi, osadziwa kuti ndikuwotcha wina."

Atsibweni anakanda m'mutu. "Nanga tsono wolakwa ndani? Sitingabalalike popanda wolakwa."

"Palibe, achimwene. Mazira ena amasukusa. Idyani nsawa muzipita."

Anawasunthira chiwaya. Atsibweni anachiyang'ana, anayang'ana alamu, anayang'ana mlongo wawo. Kenako anatola nsawa imodzi yokha, yaing'ono, n'kuitafuna ndi mano akutsogolo. A Filimoni anatapa zodzaza manja awiri. Ine ndinatapira wa sefa uja n'kumuikira m'manja ndekha, ndipo anadya, akanatani.

Veronika anali atakhala pansi pambali pa mwamuna wake, akumumenya paphewa ndi kachibakera, amvekere, "Wapakati! Kunali mdima! Bodza lomwe simulitha, a Mbewe."

M'mawa mwake tinadzidzimuka ndi tsache. Amayi anali akusesa bwalo, akuimba nyimbo ya ku Legio mokweza kuposa masiku onse, ndipo anasesa mpaka kumsewu wa ku mjigo, kumene sanasesepo chibadwire, kuti aliyense wopita kukatunga madzi awaone miyendo kuti sinatupe.

Patapita masabata angapo a Michelle anatumiza mawu kuti Veronika akhoza kubwera kudzayesanso. Tsiku lonyamuka, katundu ali panjinga kuti akakwere minibasi ku boma, alamu anabwera kudzatsanzika. Ananjuta kuseri kwa nkhokwe, pamalo pawo pa kale. Amayi nawo anali atabwerera kukhoma lawo la khitchini, atafulatira, ngati kuti tsiku la nsawa lija silinachitike.

"Lonia, uwauze akamwiniwo kuti ulendo uno chigayo chikafa, chife. Akhale pafupi ndi tianato."

"Alamu, akuti chigayo chikafa..."

"Uwauzenso kuti akamufunse Michelle ngati madzi atsopanowo anathiranso makina."

"Akutinso..."

"Ndipo uwauze kuti akabwere kuno. Kaya ndi mwana, kaya ndi manja okha, akabwere onse awiri. Pano ndi pawo."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndibwereze, koma amayi ananditsogolera. 

"Usavutike," anatero amayi, akupukuta m'maso ndi korona yemwe. "Amva kale."

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka mawu, osadzera mwa ine.

"Ndamva, amayi."